Mchira wa Kavalo wa Kaisara

Mlamu wanga Ortwin anali mng'ono wa malemu amuna anga, ndipo Mulungu andikhululukire, mwa awiriwo woseketsa anali iyeyo. Anali wamfupi, wa miyendo ya matewe, ndipo poyenda ankagwedezeka uku ndi uku ngati atsekwe amene ankaweta. Nyumba yake inali mu kanjira ka ofufuta zikopa, pafupi ndi chipata cha kumtsinje muno mu Ermstat, moyang'anana ndi yanga. Pansi pankagona atsekwe, m'mwamba munkagona anthu.

Mkazi wake anali Richza, mayi wojintcha wochokera kubanja la olima mphesa, wa lilime lakuthwa ngati mpeni wa wofufuta. Ana Mulungu anawapatsa, nawatenganso akadali aang'ono, choncho anatsala awiriwiri kumalerana ndi kumatukwanana. Ankakangana m'mawa uliwonse monga ena amayambira tsiku ndi pemphero. Tsiku limene m'nyumbamo munali zii, ife a m'kanjirako tinkapita kukafunsa kuti wadwala ndani.

Chimene chinamugwetsa Ortwin ndi Lenti. Pa nyengo imeneyo Mkhristu aliyense amadya nsomba, ogulitsa nsomba n'kumanenepa, woweta atsekwe n'kumangoyasamula. Chaka china Ortwin anakhala pansi, naganiza, napeza kuti tsekwe amasambira, amagona pamadzi, ndipo mapazi ake ndi zipsepse basi. Ndiye kuti ndi nsomba imene Mulungu anaiveka nthenga. Anandifotokozera zimenezi ndi nkhope ya wansembe. Ndinamuuza kuti akalape, iye anati alapa akatha kugulitsa.

Ankawotcha kuseri kwa nyumba, n'kumatumiza m'madengu ovundikira ndi nsalu. Koma fungo la tsekwe wowotcha silivundikirika. Linatuluka m'kanjira kathu, linadutsa pamsika, mpaka linakalowa m'mphuno mwa Sigebot, mkulu wa ogulitsa nsomba, amenenso anali ndi mpando m'bwalo la akuluakulu a mzinda.

Pa mlandu anamufunsa kuti atchule amene ankagula. Ortwin anangoyamba kuyang'ana akuluakuluwo mmodzimmodzi, kuchokera kumanzere, akumwetulira pang'onopang'ono ngati munthu amene wakumbukira anzake akale. Asanafike pakati pa mzere, mlandu unali utatha. Anamupirikitsa mumzinda kwa moyo wake wonse, ndipo anamuuza kuti akadzapezekanso m'kati mwa linga adzamudula dzanja lamanja.

Anawoloka mtsinje ndi atsekwe ake, namanga kanyumba tsidya lija, m'dziko la kalonga, pamalo oonekera bwino kuchokera palinga. Richza anakana kumutsatira. Anati iye anabadwira m'kati mwa linga, ndipo sanakwatiwe ndi nsomba kuti azikakhala m'mabango. Komabe Lamulungu lililonse Misa ikatha ankakwera palinga, n'kumamukalipira mwamuna wakeyo za denga lodontha ndi za uchitsiru wake, Ortwin n'kumabwezera ali tsidya, manja atazinga pakamwa. Anthu ankabwera ndi buledi wawo kudzamvera. Ndikuganiza kuti awiriwo moyo umenewo sunkawaipira kwenikweni.

Zinasintha chaka chimene amuna anga anatisiya. Tsiku lina Richza anagwa akukanda ufa, ndipo titamudzutsa tinapeza kuti wafa mbali imodzi, mwendo ndi mkono. Pakamwa pokha Mulungu anapasiya momwe panalili. Tinamugoneka m'chipinda cham'mwamba, ine n'kumamusamalira, poti kwanga kunalibenso wondidikira. Sing'anga anati tikamunyamula kumutsitsa pamakwerero aja ndi kumuwolotsa m'bwato, tikafika tsidya ndi maliro. Mwiniwake naye anati tsidya sapitako ngakhale atamunyamula angelo.

Tsiku lina ndikumupesa tsitsi, anayang'ana kukhoma n'kunena motsitsa mawu.

"Luitgard, mukamuuze wa atsekwe uja abwere. Ndili ndi mawu ambiri amene sindinamuuze, ndipo si okoma. Sindikufuna kupita nawo kumanda."

Ndinapita kwa Sigebot kukapempha. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, nandiuza kuti kudya nyama pa Lenti ndi tchimo, ndipo tchimo ndi nkhani ya Ambuye Episkopi. Ndinapita kwa Ambuye Episkopi. Wansembe wa pakhomo pawo anandiuza kuti amene anapirikitsa munthuyo ndi bwalo la mzinda, limene masiku ano limadziyesa lodziwa zonse, ndiye ndipite komweko. Ndinawoloka mtsinje kukamuuza mlamu wanga kuti zitseko zonse zatsekeka.

Ndinamupeza akusenda ndodo. Anamva zonse atawerama. Kenako anakweza mutu.

"Alamu, chatsala chitseko chimodzi. Kaisara."

Mwambowo aliyense amaudziwa. Kaisara akamalowa mumzinda, wopirikitsidwa aliyense amene wagwira kavalo wake, kaya mchira, kaya chishalo, kaya chingwe chomangirira kuchishalocho, amalowa naye limodzi, ndipo palibe amene angamukhudze. Vuto linali loti Kaisara mwiniwakeyo sitinkadziwa kumene ali. Timamupempherera Lachisanu Loyera chaka ndi chaka, kuti ndiye mkulu wa mafumu onse achikhristu, ngakhale amuna anga, amene ankapita ndi nsalu kumisika ya ku France, ankati mfumu ya kumeneko singamuvulire ndi chipewa chomwe. Alibe mudzi wake weniweni. Amangoyendayenda ndi chigulu chake, kufika mumzinda, kudya zonse za m'nkhokwe, kuweruza milandu ingapo, n'kupita kukadya kwina. Kwathu kuno amene anamuonapo anali nkhalamba zokhazokha, ndipo zinkatsutsana ngati anali wandevu kapena ayi.

Ortwin anayamba kukonzekera. Anabwereka bulu wa pachigayo cha tsidya, n'kumamuthamangira kumbuyo kuti aphunzire kagwiridwe ka mchira. Buluyo anamuphunzitsadi, ndipo dzino lakutsogolo linatsalira pa maphunziro omwewo. Richza atamva anaseka mpaka kutsamwa, kenako anandituma ndi mafuta opaka pachibwano, nandilamula kuti ndisanene kuti achokera kwa iye.

Tikudikira choncho, Kaisara anakangana ndi Apapa a ku Roma. Chimene anakanganirana ine sindikuchidziwa bwino. Ena ankati ndi minda ya ku Italiya, ena ankati ndi funso loti wamkulu ndani pakati pa woveka chisoti ndi wovekedwa. Apapa anamuika kunja kwa Mpingo, ndipo akalonga ena anasonkhana nasankha mfumu ina. Ambuye Episkopi anali kumbali ya mfumu yatsopanoyo. Bwalo la mzinda linali kumbali ya Kaisara, osati chifukwa chomukonda, koma poti mbuye wakutali sasuzumira mumphika, pamene Ambuye Episkopi ankakhala pomwepa n'kumawerenga ndi nkhuku zomwe. Ine popemphera ndinangosiya kutchula dzina. Ndinkati, Ambuye, dalitsani amene ali wanuyo, Inu mukumudziwa.

Woyamba kufika anali mfumu yatsopano ija, ataitanidwa ndi Ambuye Episkopi. Ndinamuchenjeza Ortwin kuti adikire, popeza uyu sanali wa bwalo la mzinda. Anandiyankha kuti mchira ndi mchira, kavalo sadziwa za ku Roma. Anawoloka m'mamawa, nabisala m'tchire la m'mbali mwa msewu, ndipo gulu likudutsa analumpha n'kugwira mchira wa kavalo wa mfumuyo ndi manja awiri, mwaluso ndithu. Anayenda nawo monyadira mpaka pachipata. Chipata chinali chotseka. Akuluakulu a mzinda anali ataimirira palinga, akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame.

Mvula inayamba. Mfumu inatuma munthu kukagogoda, kenako wina kukaopseza, kenako wina kukanyengerera. Ortwin anangoti nga, osasiya, madzi akutsika m'khosi, kavalo naye akuchita zimene akavalo amachita akaima nthawi yaitali. Chakumadzulo mfumu inatembenuka mokwiya n'kuthamangitsa kavaloyo, ndipo mlamu wanga anakokedwa m'matope kamtunda ndithu asanakumbukire kuti akulowera kolakwika.

Richza ndinamufotokozera zonse, poti ndinaonerera ndili palinga. Anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo munthu amene sasiyanitsa tsekwe ndi nsomba sangasiyanitse mfumu ndi inzake. Koma atatha kunena, anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo anakana kudya.

Chilimwe chimenecho anaonda kwambiri. Mawu ake, amene kale ankawoloka mtsinje, tsopano ankangofika pamakwerero. Ine ndikawoloka, Ortwin sankandifunsa kuti mkazi wake ali bwanji. Ankafunsa kuti wamutukwana chiyani sabata ino, ndipo ndikachedwa kuyankha, nkhope yake inkagwa. Choncho ndinkasunga mosamala mawu aliwonse oipa amene Richza wanena, n'kumawapititsa tsidya ngati mazira.

Kaisara anabwera pa nyengo yokolola mphesa. Ambuye Episkopi atamva anatuluka mumzinda ndi ansembe awo, atakhoma tchalitchi chachikulu ndi kumanga zingwe za mabelu kuti asalire. Akuluakulu a mzinda anavala zofiira, natuluka kukamuchingamira ndi makiyi a chipata. M'mbali mwa msewu munadzaza opirikitsidwa a zaka zambiri: mbala, wina amene anabaya mnzake pamowa, mayi wina amene ankathira madzi mu vinyo. Sigebot analibe nawo kanthu amenewo. Koma anaimika ogulitsa nsomba onse ndi zibonga zawo mbali zonse za msewu, nawauza kuti wa atsekwe yekhayo asayandikire. Ankati munthu amene anagwira mchira wa mfumu ya ansembe asadetsenso wa Kaisara.

Ine ndinali pachipata, ndikufunafuna mlamu wanga m'khamulo, osamuona. Malipenga analira, mbendera zinatulukira pokhota msewu. Ndiye kuchokera m'munda wa mphesa wa kumtunda kunamveka phokoso limene aliyense wa m'kanjira kathu akanalizindikira ali m'tulo. Atsekwe onse a Ortwin anatsetsereka pamtunda paja, makosi atatambasula, mapiko ali kwee, mwiniwake ali pambuyo ndi ndodo. Tsekwe wokwiya sasankha munthu. Analowa m'miyendo ya ogulitsa nsomba, kujompha apa, kujompha apo, amuna akuluakulu n'kumalumpha atagwira kumbuyo. Woimba lipenga wina anagwa pakavalo. Fumbi ndi nthenga zitatsika, Ortwin anali kumbuyo kwa kavalo woyera, mchira ataukulunga kudzanja.

Asilikali anasolola malupanga, koma Kaisara anakweza dzanja n'kucheuka. Ndinamuona bwino. Anali munthu wotopa, wa mphuno yofiira ndi chimfine, ndipo ndevu anali nazo. Anafunsa, m'kalankhulidwe ka anthu a kummwera, kuti munthuyu analakwa chiyani.

"Ndinagulitsa atsekwe pa Lenti, mbuye wanga," anatero Ortwin.

Kaisara anamina, namuyang'ana kanthawi.

"Ndiye kuti tonse awiri ansembe atikwiyira. Gwiritsitsa."

Umo ndi mmene mlamu wanga analowera pachipata cha kumtsinje, Sigebot akuyenda patsogolo ndi makiyi, khosi lili gwa, osacheuka. Atangofika pabwalo la msika, Ortwin anathamangira kwawo, ine ndikumutsatira mwa mphamvu zanga. Anakwera makwerero, nafika pakhomo la chipinda, n'kuima pomwepo, chipewa chili m'manja. Richza anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwaonda. Dzino lija palibedi. Ndipo mukununkha kavalo. Pukutani mapazi musanalowe, muno si m'mabango."

Anapukuta mapazi. Ine ndinatsika kukaona moto.

Kaisara anakhala masiku ochepa. Anthu ake anadya tirigu wa mzinda, anamwa vinyo watsopano asanapse n'komwe, ndipo atsekwe onse a Ortwin anathera patebulo lake, mwiniwake osadandaula. Asanachoke, Kaisara anapatsa bwalo la mzinda chimene linkafuna kuyambira kale: kuti kugwira munthu ndi kumuweruza m'kati mwa linga ikhale ntchito ya bwalo, m'dzina la Kaisara, Ambuye Episkopi asalowererepo. Akuluakulu anasangalala ngati ana.

Kenako Sigebot anakumbutsa anthu mbali ina ya mwambo uja, imene ife m'chisangalalo tinaiiwala dala. Chifundo cha Kaisara chimakhala mumzinda pamene mwiniwake ali momwemo. Akatuluka, opirikitsidwa nawonso amatuluka. Zinali zoona, ndipo palibe akanatsutsa. Mbala zija ndi mayi wa vinyo anayamba kumanga akatundu.

Koma mwambo uli ndi mbali zambiri ngati mtanda wa buledi. Kavalo amene Kaisara walowa naye mumzinda satulukanso naye. Amatsala kwa mlonda wa pachipata ngati mphatso. Mlonda wathu anali Wendelin, munthu wosauka wa ana ambiri, amene analibe khola ngakhale udzu, ndipo kuyambira tsiku limene anapatsidwa chinyamacho ankangochiyang'ana ngati tsoka.

M'mawa umene Kaisara anatuluka, atakwera kavalo wina, Sigebot anabwera m'kanjira kathu ndi anyamata onyamula zingwe. Sanamupeze Ortwin m'nyumba. Anamupeza pachipata, ataima kumbuyo kwa kavalo woyera uja, mchira uli m'manja, akucheza ndi Wendelin za mitengo ya udzu. Sigebot anamuuza kuti masewera atha, mwini kavalo wapita. Ortwin anayankha mofatsa kuti iye za malamulo sadziwa, chimene akudziwa n'choti Kaisara anamuuza kuti agwiritsitse, ndipo sanabwerenso kudzamuuza kuti asiye.

Anthu anayamba kusonkhana. Mwina Sigebot akanamugwira ndithu, pakanapanda kuti nthawi yomweyo kapitawo wa Ambuye Episkopi anali akulowa pachipata, kubwerera kudzatsekula tchalitchi. Anaima, namva nkhaniyo, ndipo anasangalala kwambiri. Analankhula mokweza kuti onse amve. Anati a Sigebot akunena zoona, amugwire munthuyo msanga, chifukwa amene anakwera kavaloyo ali kunja kwa Mpingo, ndipo chilichonse chimene anapereka muno, kaya chifundo kaya china chilichonse, ndi mphepo chabe.

Dzanja la Sigebot linali kale m'mwamba kuti alamule anyamata ake. Linakhala m'mwamba momwemo. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene waluma mwala mu buledi pamaso pa alendo. Akamugwira Ortwin pamenepo, pamaso pa kapitawoyo, ndiye kuti wavomera kuti mawu a Kaisara ndi mphepo, ndipo ufulu umene bwalo linalandira dzana lomweli ukhalanso mphepo. Anatsitsa dzanja, nakanda nalo m'khosi ngati ndicho analikwezera. Kenako anauza kapitawoyo kuti mumzinda wa Kaisara palibe amene amakhudza munthu wogwira kavalo wa Kaisara, ndipo akawauze Ambuye Episkopi zimenezo. Atatero anayandikira Ortwin, nalankhula chapansipansi.

"Tsiku limene udzasiye chinyama ichi, dzanja limenelo ndi langa."

"Ndidzakubweretserani ndekha, achimwene, losambitsa kale."

Munthu sangakhale moyo wake wonse atagwira mchira. Bwalo linakhala pansi tsiku lathunthu kukambirana ngati chingwe chikuloledwa, ndipo poti pa tsiku lolowa lija ena anagwira chingwe osati mchira, anavomera monyinyirika. Za kutalika kwa chingwecho anaiwala kukambirana. Ortwin anagula chingwe cha eni mabwato, chachitali, namanga mbali ina kukhosi kwa kavalo, ina kudzanja lake lamanja. Wendelin anavomera ndi mtima wonse kuti kavaloyo azikhala m'khola la atsekwe, bola wina azimudyetsa. Chingwe chinkatuluka pakhomo la khola, n'kukwera khoma, n'kulowa pazenera la chipinda cham'mwamba, mpaka pafupi ndi bedi la Richza.

Umo ndi mmene anakhalira. Kumsika ankapita ndi kavalo. Kuchitsime, ndi kavalo. Lamulungu ankamumangirira pakhomo la tchalitchi, chingwe n'kumayenda pansi pakati pa anthu mpaka pamene wagwada, ndipo amayi tinazolowera kukweza mwendo popanda kusokoneza pemphero. Wansembe wathu poyamba anakwiya, nati chingwe cha munthu woikidwa kunja kwa Mpingo chisalowe m'nyumba ya Mulungu. Ortwin anafunsa mwaulemu ngati Apapa anatchulanso kavaloyo. Wansembeyo anati afunsa, ndipo mpaka lero yankho silinabwere.

M'nyumba muja mikangano inabwerera, ndipo kanjira kathu kanakhalanso ngati kwathu. Richza ankadandaula kuti phala ndi lamadzi, kuti amamutembenuza ngati thumba la balere, kuti anadikira mwamuna n'kulandira akavalo awiri. Ortwin ankamusambitsa, kumudyetsa, kumuimbira nyimbo zopanda ulemu, ndi kumubwezera mawu pa mawu. Akatsikira kukhola, Richza ankagwira chingwe ndi dzanja lake lamoyo n'kuchikoka kawiri, iye n'kukwera akung'ung'udza. Anayambanso kudya. Masaya anabwerera pang'ono.

Tsopano mantha athu anali pa kavalo. Sanali wamng'ono, ndipo tonse tinkadziwa kuti akafa, Ortwin abwerera tsidya kapena ataya dzanja. Kanjira konse kanayamba kumulera. Ofufuta zikopa ankabweretsa udzu, wophika buledi ankabweretsa zotsala, ine ndinkamusungira maapozi. Akatsokomola, nkhani inkafika kumsika Richza asanamve. Anthu ena podutsa ankamuvulira chipewa, poyamba mwanthabwala, kenako mongozolowera.

Nyengo yozizira ina kavaloyo anadwala m'mimba, nagona pansi osafuna kudzuka. Ortwin anakhala pambali pake m'khola, akumusisita, nkhope ili mbuu. Chakumasana tinaona thumba la balere wabwino ndi bulangete zikubwera, pamodzi ndi munthu wodziwa kuchiza akavalo. Anatumiza ndi Sigebot. Sikuti mtima wake unafewa ayi. Kungoti pofika nthawiyo, nthumwi za Ambuye Episkopi kapena za kalonga wa tsidya zikabwera kudzaopseza mzinda, bwalo linkatulutsa kavalo woyerayo, atamuveka nsalu yofiira, kumuimika pabwalo la msika kuti alendowo akumbukire kuti mzinda uno ndi wa yani. Ndipo kumene kwaima kavalo, kumapeto kwa chingwe kunkaima Ortwin, atavala malaya ake a Lamulungu, akugwedezera mutu alendo ngati mmodzi wa akuluakulu.

Patapita nthawi tinamva kuti Kaisara wamwalira kutali ku Italiya, ndipo akalonga akulephera kugwirizana za wolowa m'malo. Ine ndinachita mantha, ndinati basi, zathera pano. Koma bwalo linalengeza kuti munthu amafa, ufumu wa Kaisara sufa, chifukwa likananena zina, Ambuye Episkopi akanabwera mawa lake kudzatenga makiyi. Choncho kwa nthawi yaitali ndithu, mwa zonse za Kaisara, chimene ife a Ermstat tinkachiona ndi maso chinali kavalo wokalamba m'khola la atsekwe, akutafuna apozi.

Richza anatisiya mitengo itayamba kuphuka, masana dzuwa likulowa pazenera. Wansembe anali atabwera kale ndi mafuta oyera. Ine ndinakhala kumiyendo, Ortwin kumutu, chingwe chitadutsa pabulangete. Richza anali chigonere maso ali chitsekere kuyambira m'mawa, ndipo tinkaganiza kuti salankhulanso. Kenako chala chake chinakoka chingwe kawiri. Ortwin anawerama.

"Tsekwe si nsomba," anatero Richza.

"Tikafunsa Mwiniwake amene anamulenga."

"Ndikafika ndine woyamba. Akamva zanga kaye."

Ortwin anatsegula pakamwa kuti abwezere, koma anaona kuti mawu otsiriza mkazi wake wawatenga, monga mwa masiku onse. Anamutseka maso ndi dzanja lomwe linali ndi chingwe lija.

Ngolo ya maliro anakoka ndi kavalo wa Kaisara, pang'onopang'ono, chifukwa miyendo yake inali itayamba kuuma. Titakwirira, anthu akubalalika, Ortwin anakhala pamwala namasula chingwe kudzanja. Pamene chinkakhala panali poyera ndi posalala ngati khungu la khanda. Anachikulunga bwinobwino, nachipereka kwa Wendelin pamodzi ndi kavalo, namuthokoza. Kenako anapita kuchitsime, anasamba dzanjalo, n'kulunjika kumsika wa nsomba. Ine ndinamutsatira ndikumuchonderera kuti awoloke mtsinje anthu asanazindikire, koma sanandimvere.

Sigebot anali pamalo pake, imvi zili mbuu, akupala nsomba. Ortwin anaika dzanja lamanja pathabwa lodulira, pakati pa mamba ndi matumbo.

"Ndabwera nalo, achimwene, monga ndinalonjezera."

Sigebot anayang'ana dzanjalo, nayang'ana mpeni wake, napitiriza kupala nsomba. Atamaliza anaitembenuza n'kuyamba mbali inayo.

"Chotsa dzanja lakolo, ukundidetsera nsomba. Pita kunyumba, mkulu iwe. Pepa ndi maliro."

Ortwin anabwerera kunyumba atakhumudwa kwambiri. Njira yonse ankadandaula kuti mzinda uno wafika poipa, munthu sangadalirenso ndi mdani wake yemwe. Masabata angapo anakhala m'chipinda cham'mwamba muja osatuluka, ine n'kumamusiyira msuzi pamakwerero. Kenako tsiku lina ndinamva kulira kwa tiana ta atsekwe m'khola.

Pano tili mu Lenti. Dzulo chakumasana mphepo inachokera kunyumba kwake itanyamula fungo lija, ndipo ndinayenera kutseka zenera ndi kupemphera mokwezako pang'ono. Nditasuzumira pa mng'alu ndinaona kuti wakabwerekanso kavalo kwa Wendelin. Wamumangirira pafupi ndi khomo, pamalo oti munthu atangotambasula dzanja akhoza kufikira mchira.